Mbewa Zoyera za ku Komboni ya Mandevu

Pulazi ya Mandevu,
Macheke.
10 Januwale 1960

Wokondedwa mlongo wanga Kalino,

Landira moni. Ndikhulupirira uli bwino ku Halale uko, ngakhale chibwerere kusukulu yako ya kumwera ndi digiri ija takuona kamodzi kokha ngati kadamsana. Ife kuno tilipo. Amalume a Yesaya akadali kapitawo, kukalipa ndi komwe kuja. Mayi aang'ono a Filesi ndi ana awo awiri akupereka moni. Fodya tayamba kuthyola, manja ndi utomoni wokhawokha.

Nkhani yanga ndi ya mbumba yako, mwana wanga Tereza. Mwanayu sakundisangalatsa. Zikhatho zayera mbuu, mapazi ayamba kutupa, ndipo kawiri konse ndamupeza akukokota dothi la pakhoma n'kumadya. Zaka zisanu ndi ziwiri, koma ukamunyamula ngati mtolo wa mapesi. Dona anandipatsa mapiritsi awiri a mutu. Kuchipatala n'kutali, ndipo nyengo ino bwana sapereka tsiku ngakhale kwa wamaliro. Bambo ake chipitire kumigodi ya ku Mutorashanga, kalata n'imodzi yomwe.

Unatiuza kuti umagwira ntchito ndi dokotala wa njoka za m'mimba. Tumiza mankhwala, iwe ndiwe mwini mbumba. Koma mayi a Janeth oyandikana nafe akufalitsa zoti ntchito yako ndi kuweta mbewa. Ndinawakanira. Ndinati sindinasoke fodya zaka zisanu ndi chimodzi kuti mlongo wanga akakhale mbusa wa akapuku. Undiyankhe kuti ndiwatseke pakamwa.

Ndine mlongo wako,
Esnath

Halale,
Salisbury.
17 Januwale 1960

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Moni kwa amalume ndi onse. Mayi a Janeth sananame, ndimaweta mbewa, mazana anayi. Sekani, mukatha mumvetsere.

Dokotala Orme, mzungu amene ndili pansi pake, ali ndi mitundu iwiri ya mbewa, zoyera ndi zakuda. Zonse timazimwetsa mazira a njoka za m'mimba, muyeso umodzi, tsiku limodzi, chakudya chimodzi. Pakatha masabata atatu zakuda zimakhala zitatulutsa njoka zonse, zili pikitipikiti m'khola. Zoyera zimasunga njokazo, ubweya kuimirira, n'kumauma mpaka kufa. Ana a zakuda amatengera makolo awo, a zoyera chimodzimodzi. Dokotala akuti mphamvu yothamangitsa njoka imayenda m'magazi a mtundu. Kwa mbewa akunena zoona, ndaziona ndi maso angawa.

Koma iye akufuna kuti zikhale chomwecho ndi anthu, ndipo pamenepa ndi pamene timakangana. Ndinamuuza kuti apite kukomboni kwathu akaone. Anthu oposa zana, chimbudzi palibe n'chimodzi chomwe. Onse amapita kutchire kuseri kwa mabani a fodya, mawa lake n'kupondamo opanda nsapato. Madzi akumwa ndi a m'damu momwe mumamwera ng'ombe. Njoka zimene zikuyamwa magazi a Tereza zimalowera kumapazi. Malo otere palibe mtundu wolimba kapena wofooka, aliyense ali nazo. Iye anangoseka, akuti, "Undisonyeze." Ndiye ndimusonyeza.

Walembera bwana Mandevu ndipo bwanayo walola, bola naye adzalandire zotsatira. Lole ya pulazi ikabwera m'tauni Lachisanu idzatenga zitini 30, chilichonse chili ndi dzina la munthu. Zisanu ndi chimodzi ndi za pabanja pathu: inu, Tereza, amalume, mayi aang'ono ndi ana awo. Aliyense aikemo za kutchire zake pang'ono chabe, ngati njere ya nyemba. Zikapezeka zonse zili ndi mazira, pepala limenelo lidzafika kwa akuluakulu a zaumoyo, ndipo Mandevu adzakumba zimbudzi ndi chitsime, afune asafune. Ndatopa nako kupempha, achemwali. Amalume apempha zaka makumi awiri, chisoti m'manja, apatsidwa chiyani? Mzungu samva kulira, amamva manambala.

Tsono chachikulu nachi. Tereza musamumwetse mankhwala alionse, achikuda kaya achizungu, mpaka zitini zitabwerera kuno. Mankhwala ndili nawo pompano, koma akamwa njoka zituluka, ndiye chitini chake chidzanama. Ndi masabata awiri okha. Mwezi ukatha ndimugulira nsapato.

Wanu,
Kalino

Pulazi ya Mandevu,
Macheke.
31 Januwale 1960

Wokondedwa Kalino,

Moni. Ndiye ukuti kwa mbewa ofooka ndi azungu? Amalume anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Koma kuseka kunathera pomwepo, chifukwa zitini zako zayatsa moto kuno.

Amalume atazigawa Loweruka, a Nason, mkulu wa kudambwe uja, anaimirira pakati pa bwalo chitini m'manja. Akuti, "Inu a Yesaya, tsitsi tikameta timakwirira. Zikhadabo sitisiya pamtunda. Lero tipereke za m'mimba mwathu, dzina atalemba pamwamba, zipite kwa munthu amene nkhope yake sitikuidziwa? Mwana wanuyo kusukulu anakaphunzira zausing'anga wanji?" A Fredson a kutchalitchi, amene gule akamatuluka amatsekera ana m'nyumba, nawonso akuti, "Zoona akulu, mwalasa." Chibadwire sindinawaone awiriwa ali mbali imodzi. Wawagwirizanitsa ndiwe.

Bwana atamva anati amene sabweza chitini phoso la sabata ino aliiwale. Masiku anayi komboni inali zii. Lachinayi tinangopeza zitini zonse 24 zili ndandanda pakhomo pa amalume, zotseka bwinobwino. Ndinadabwa kuti mitima yatembenuka bwanji onse pamodzi, koma sindinafunse. Zathu zisanu ndi chimodzi ndinaziyang'anira ndekha. Zonse zinakwera lole ya dzana.

Chichokere zitinizo ndikafika kudamu amayi anzanga amasiya nkhani. Sandinyoza ayi. Amandiyang'ana ngati mmene timayang'anira munthu amene kwawo kwachitika maliro iye asanauzidwe.

Tereza sakuthanso kufika kudamuko osapumira panjira. Mayi a Janeth anabwera ndi mizu yawo, ndinawabweza monga unanenera. Anangoti, "Maiwe, Esnath," n'kutuluka. Masabata ako awiri akwana, tumiza mankhwala. Mwini wake akufunsa kuti nsapato zikhala zofiira kapena zakuda. Ndaika kaulusi m'kalatamu, ndiko muyeso wa phazi lake.

Esnath

Halale,
Salisbury.
14 Febuluwale 1960

Okondedwa achemwali,

Moni nonse. Pepani kuchedwa, ntchito inandikwirira. Zitini ndinaziyeza ndekha pagalasi lokuzira tizilombo, chilichonse kawiri.

Zatuluka mosiyana ndi mmene ndinkaganizira. Zathu zisanu ndi chimodzi zili ndi mazira, cha Tereza ndiye osawerengeka. Zina 24 zija mulibe dzira ngakhale limodzi. Ndinapukuta galasi, ndinayambiranso, chimodzimodzi. Komanso anzanuwo akudya bwino kuposa inu: paliponse ndikuona timinofu ta nyama ndi gaga wa tirigu. Kaya nyamayo akubisa kuti, muwafunse a Nason!

Sindikubisirani, tsiku loyamba ndinakhumudwa, chifukwa zimbudzi zija zayamba zapita patali. Koma Dokotala anadumpha ngati mwana. Anandifunsa kuti anthu asanu ndi mmodziwa ndi ndani, ndinamuuza kuti onse ndi a mimba ya agogo amodzi. Akuti chinthu chotere palibe amene anachionapo mwa anthu: madzi amodzi, tchire limodzi, koma njoka m'banja limodzi lokha. Walemba pepala lopita kunja, ndipo dzina langa lili pansi pa lake. Achemwali, mumvetse, munthu wakuda dzina lake silikhala pamapepala amenewa. Pa 15 Malichi andiitana akuluakulu amene amatumiza ophunzira ku Mangalande. Ndikapita, ndidzabwera ndili dokotala, ndipo pamenepo ndikadzanena kuti kumbani zimbudzi palibe Mandevu amene adzandiseke. Njira yangotalika pang'ono, koma ndi yomweyo.

Dokotala akufuna kudzafika yekha mwezi wamawa kudzatenga magazi a anthu asanu ndi mmodzinu, ndipo akupempha kuti akupezeni monga mulili. Ndiye Tereza apirire pang'ono. Mumupatse masamba ambiri, ndi chiwindi mukachipeza. Ndi mwana wolimba, watengera inu. Kaulusi ndakasunga m'chikwama.

Wanu,
Kalino

Pulazi ya Mandevu,
Macheke.
28 Febuluwale 1960

Kwa iwe Kalino, mwana wa mlongo wanga,

Ndine malume ako Yesaya. Ndikuyankhula, Esnath akulemba. Moni.

Lachitatu bwana anandiitana kukhonde. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndamugwirira ntchito, sanandiuzepo kuti ndiime patali. Tsiku limenelo anandilozera pansi pa masitepe. Anali ndi kalata ya dokotala wako. Akuti, "Yesaya, komboni yanga ndi yoyera, matenda ali m'nyumba mwako mokha. Dokotala akuti ndi magazi a mtundu wanu. Ndiye inu mumandidyera phoso muli ofooka, n'kumadetsa tchire la anzanu." Ndinati, "Bwana, ine ndinajombapo liti?" Akuti, "Si iwe, ndi magazi." Magazi sungawaitane kuti adzadziyankhire.

Walamula kuti fodya akatha kuthyoledwa, pa 31 Malichi, tonse asanu ndi mmodzi tichoke. Azunguwa nkhani amauzana kukalabu kwawo, ndiye kuyambira kuno mpaka ku Marandellas palibe pulazi imene idzatilembe. Ukudziwanso kuti chiyambire zomangana za chaka chatha, ife a ku Nyasa amatiyang'ana ndi diso lina. Kwathu ku Dedza ndinachoka ndili mnyamata, munda ulibe dzina langa.

Sindikukudzudzula. Tinakutuma tokha kuti ukatenge nzeru za azungu, sitinanene kuti zikafika zidzayambira pakhomo pa ndani. Ndikungopempha ulembere bwana m'Chingerezi chako chija, umuuze kuti mbewa ndi mbewa, munthu ndi munthu. Ndatha ine malume ako.

Kalino, apa ndikulemba ndi ine Esnath, amalume atuluka ndipo sakudziwa kuti ndikuwonjezera izi. Mayi a Janeth andiululira akulira. Zitini 24 zija si za eni ake. Zonse ndi za munthu mmodzi, Ambrosio, khukhi wa kunyumba kwa bwana, wa ku Tete uja. Akuluakulu anapangana kuti apeze mlendo wopanda mbale kuno. Anati dzina likakhala la wina, za m'katimo za wina, wolodza adzalodza ndani? Ambrosio anavomera akuseka, anamupatsa nkhuku, tambala. Ndi ife tokha tinapereka zathu zenizeni, chifukwa ndife abale ako.

Amalume akudziwa zimenezi kuyambira kale. Akuti tikaulula bwana athamangitsa mabanja 24 chifukwa chomunamiza, bola tipite ife asanu ndi mmodzi. Iwo ndi kapitawo, amawerenga anthu. Ine ndine mayi, ndili ndi mmodzi. Tereza nkhope yayamba kutupa tsopano. Dzulo ndamumwetsa mizu ya mayi a Janeth, anasanza yonse. Dokotala wako akwiye akwiye. Uchite zimene ungachite, koma uchite msanga.

Esnath

Halale,
Salisbury.
20 Malichi 1960

Achemwali,

Moni sindikudziwa ngati muulandira. Kalata yanu inafika pa 3. Lero ndi pa 20. Sindinadwale, positi sinachedwe. Ndinaiwerenga, ndinaipinda, ndinaiika m'chikwama momwe muli kaulusi kaja.

Ndinene zonse. Za Ambrosio simunandiuze chachilendo. Tsiku lija ndikuyang'ana pagalasi, mtima unandiuza kuti anthu odya phoso la ufa ndi nyemba sangakhale ndi nyama ndi tirigu m'mimba, onse 24 mofanana. Ndinazisandutsa nthabwala m'kalata kuti ndisaziganize. Ndipo taonani kupusa kwake: Ambrosio amavala nsapato, amamwa madzi a pampopi, ali ndi chimbudzi kuseri kwa khitchini. Munthu mmodzi yekha wopanda njoka pa pulazi yonse ndi amene ali ndi zinthu zomwe ndinkamenyera zija. Umboni wanga unali m'manja mwanga, ine n'kuugulitsa.

Ndinadziuza kuti pa 31 ndi patali, ndidikire pa 15 padutse. Ndinapita nditavala suti yobwereka. Akuluakulu aja anandiyamikira kwambiri za banja la ku Macheke. Mmodzi anandifunsa ngati banjalo ndimalidziwa. Ndinati, "Pang'ono." 

Lachisanu ndamuuza Dokotala zonse. Anatenga kalata yondivomereza kupita ku Mangalande n'kuitsekera m'kabati. Nkhani imeneyo yatha, musaifunsenso. Koma walembera bwana kuti zoyeza zija zinalakwika, palibe banja la magazi ofooka, ndipo komboni yonse iyezedwenso. Dzina la Ambrosio sanalilembe, ndinamugwadira.

Kalatayo ndaitumiza pamodzi ndi phukusi ili pa sitima ya mawa. Muli botolo la mankhwala a njoka, koma musayambe ndi limenelo, mwana wafooka. Yambani ndi mapiritsi a magazi, limodzi m'mawa limodzi madzulo. Nsapato ndi zofiira, ndinayeza ndi kaulusi. Loweruka ndikubwera ndekha kudzamutenga, ndikamugoneke kuchipatala kuno. Mumuuze kuti amalume ake akubwera.

Kalino

Pulazi ya Mandevu,
Macheke.
23 Malichi 1960

Kwa a Kalino,

Moni bambo. Simundidziwa bwino, ndine Ambrosio wa kukhitchini. Ine ndi amene ndimakatenga makalata a pulazi kusiteshoni, ndiye phukusi lanu lafikira m'manja mwanga dzulo. Ndatsegula kalata ya achemwali anu kuti ndipeze kolembera, mundikhululukire. Ndawerenga zonse.

Loweruka musavutike kubwera kuno. Abale anu anachoka Lachinayi lapitali, pa 17. Bwana sanadikire pa 31. Mayi Esnath anabwera kuseri kwa khitchini kudzandipempha madzi a pampopi, mwana anali pambali pawo. Ndikutunga, mwanayo anagwa pafupi ndi pamene ana a dona amasewerera. Dona anakuwa. Mawa lake lole inawasiya pamsewu waukulu ndi katundu wawo. Komboni yonse inaima kuseri kwa mabani kuonerera, palibe anayandikira. A Nason okha anathamangira lole n'kuponyamo thumba la ufa.

A Yesaya anati alowera cha ku Mutorashanga kukafuna bambo a mwana. Mgodi wake sakuudziwa, ndipo migodi kumeneko ndi yambiri. Mwana mayi ake anamubereka kumsana. Anali moyo. Sankalira.

Kalata ya dokotala wanu ndinaipereka ndekha patebulo pamodzi ndi tiyi. Bwana anaiwerenga kawiri, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuitsindira ndi mbale ya shuga. Ikadali pomwepo. Kwa kapitawo watsopano ananena kuti komboni inayera kale, palibe zokumba.

Za zitini zija ine bambo ndinkayesa masewera. Tambala uja sindinamudye, akungoyendayenda pabwalo, ndikamuona chakudya sichilowa.

Mankhwala ndawasunga pamwamba pa kabati. Nsapato ndi zokongola, koma sizikanamulowa mwanayo, mapazi ake anali atatupa kuposa kaulusi kanu. M'nyumba ya achemwali anu mwalowa banja lina la ku Mlanje. Ali ndi kamtsikana ka msinkhu womwewo, ndimakaona m'mawa uliwonse kakuchokera kutchire kuseri kwa mabani, kopanda nsapato. Mundiuze ngati ndikapatse nsapatozi, kapena ndizisunge mpaka mutawapeza abale anu.

Ndine,
Ambrosio